Khitchini Yosadziwika ku Khonsolo

9 Malichi

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana athu awiriwo. Ine kuno ndili bwino, mwinanso kuposa pamenepo, chifukwa ndikulemba nditakhala pakhomo la nyumba yanga. Werenganinso pamenepo. Sindinati nyumba ya abwana, sindinati nyumba imene tikumanga. Ndati yanga, kutanthauza yathu. Makiyi ali m'thumba la buluku, ndipo ndikamayenda ndimachita dala kuwagwedeza kuti azilira.

Zaka zonsezi ndakhala ndikumangira anthu nyumba, ine n'kumagona m'zipinda zopanda mawindo, mutu pa thumba la simenti. Nyumba ikangotha, eni ake amabwera n'kundiuza kuti ndivule nsapato ndisanalowe. Dzulo ndinalowa ndi nsapato zamatope mpaka kuchipinda, ndipo palibe amene anakhosomola.

Ndagula kwa nkhalamba ina imene inkayendetsa mabasi a mumzinda muno mpaka kupuma pa ntchito. Mumsewu muno aliyense amangoti a Dalaivala. Akazi awo anamwalira, miyendo yayamba kuwakana, ndiye akukakhala kwa mwana wawo wamwamuna kutsidya kwa njanji. Ndalama zonse zija tinkasunga ndawapatsa pamaso pa mboni, iwo asaina, inenso ndasaina. Mboni yanga anali Wamtali, mnzanga wa kuntchito uja amapaka pulasitala kudenga osakwera pa kanthu.

Nyumbayi ndi ya zipinda ziwiri. Malata ake ndi abwino, mpopi uli panja, chimbudzi kuseri, ndipo pabwalo pali mtengo wa mandimu umene sunadulidwepo chibadwire. Chitseko chimalira ngati mphaka, koma zimenezo ndi za mafuta chabe. Khitchini ndiye palibe. A Dalaivala ankaphikira pakona pa chipinda, khoma lonse mwaye bii. Ndikayang'ana pakonapo ndimakumbukira inu pa khitchini ya achimwene, mmene mumadikirira kuti alamu amalize zawo kuti inu muyatse moto, ana akusinza ndi njala. Sindinena zambiri, koma manja ayamba kale kundiyabwa.

Kwatsala kanthu kakang'ono. M'mabuku a ku khonsolo nyumbayi ikadali m'dzina la a Dalaivala. Akuti mpaka dzinalo lisinthidwe ndi kutulutsa chikalata cha umwini, ine ndine mlendo chabe wosunga makiyi. Ndinapitako Lachiwiri. Ndi chinyumba chachitali, ofesi ya za nyumba ili pamwamba penipeni, ndipo pakhomo amakupatsa kapepala ka nambala kuti uzidikira pa benchi. Bambo wa pawindo, wa magalasi otsetserekera pamphuno, anandipatsa mafomu. Anati adzatumiza munthu wodzayeza nyumba, kenako ine ndi a Dalaivala tidzasaine pamaso pake, basi. Si zoti munthu n'kusowa nazo tulo.

Nkhaniyi muisunge kaye mumtima mwanu. Ndikulemba kalata dala chifukwa foni ya alamu ili ndi makutu ambiri. Ndatumiza kangachepe. Mumugulire mzime nsapato, yotsalayo ipite ku fizi ya chisamba wathu. Mwezi uno mupirire pang'ono, mukudziwa kumene ndalama yapita.

Ndine mwamuna wanu,
mwini nyumba


6 Epulo

Amake ana,

Moni wa chikondi. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha mzime chatha. Ine ndili bwino, kungoti msana umadandaula m'mawa, koma mukamva chifukwa chake muukhululukira.

Muli ndi khitchini.

Ndaimanga kuseri, moyandikana ndi mpopi, ndipo ndaboola khoma kuti muzilowa kuchokera m'nyumba osanyowa ndi mvula. Njerwa ndinagula zotsala kwa folomani, malata kwa munthu wina amene ankaphwasula shedi. Ndinkamanga ndikaweruka ndi Loweruka masana. Simenti yakwera mtengo moti ukafunsa kusitolo umayamba wagwira khoma, koma sindinaumire. Za anthu ena ndimasakaniza monga wanenera folomani. Iyi ndinasakaniza monga ndikufunira ine, moti ngakhale galimoto itaomba, ndi galimotoyo idzapite ku garaja. Muli shelefu ya mapoto, malo a chitofu, ndi windo lalikulu loyang'ana kwa aneba. Pansi ndinasalaza ngati mbale. Simenti isanaume ndinatenga msomali n'kulemba dzina lanu pafupi ndi khomo, kuti aliyense wolowa adziwe kuti moto wa muno sadikirira munthu.

Wamtali anandipeza ndikukumba maziko, n'kuima manja ali m'chiuno. Anati, "Akulu, simungadikire kaye anthu a khonsolo aja?" Ndinati, "Iwo akudikira chiyani? Ine mkazi wanga wadikira zaka." Anapukusa mutu, koma mapeto ake anandigwirira levulo yowongolera khoma. Munthu woyeza uja sanabwerebe. Akadzabwera adzapeza nyumba yaposa imene analemba, ndipo ndikuganiza kuti adzandithokoza.

Tsopano mundikhululukire pa chinthu chimodzi. Ndinakuuzani kuti musunge chinsinsi, koma amene walephera ndine. Achimwene anandiimbira Lamlungu, n'kuyamba zija za nthawi zonse, zoti banja langa lawathera malo ndi magetsi. Mtima unandikwera, ndinangoti, "Musavutike, ndagula nyumba, ndi khitchini yomwe." Kunali zii kanthawi, kenako anati zikomo. Chete ameneyo anandikomera, sindikubisirani.

Chonde munditumizire zithunzi za chitupa chanu ndi za mtchatho wathu. Ndinafunsa bambo wa pawindo uja ngati pa chikalata pangakhale mayina awiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti n'zotheka, kungoti amuna ambiri safunsa. Muyambenso kuyendera za mapasipoti a ana, poti pobwera kuno mudzadutsa pamalire a dziko.

Nyumba ya nsanjika imene tikumanga yatsala pang'ono kutha, ndipo za ina folomani sakunena kanthu, koma ntchito sizisowa kwa munthu wa manja. Mwana wa a Dalaivala wadutsanso kawiri pa galimoto yake, pang'onopang'ono, akusuzumira kuseri. Mwina naye khitchini yamusangalatsa.

Mupereke moni kwa ana.

Wanu,
bambo a ana


18 Meyi

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Mapepala anu afika, zikomo. Ndawerenga zimene mwalemba, zoti windo ndinaliika kolakwika chifukwa munthu wophika amafuna kuona ana pabwalo, osati khoma la aneba, ndiponso kuti ndikanayamba ndakufunsani. Tsiku limene ndinawerenga ndinakhumudwa. Lero ndilibe mphamvu zokhumudwira zimenezo.

Woyeza uja anabwera Lachinayi. Ndi mayi wa zaka zake, wa nsapato zafulati, tepi m'manja ndi pulani ya nyumba m'chikwama. Ndinasesa, ndinaphika tiyi m'khitchini yanu kuti aone mmene utsi umatulukira. Iwo anazungulira nyumba, kuyang'ana pulani, kuyang'ana nyumba, n'kundifunsa kuti, "Bambo, nyumba imene mwagula ili kuti?"

Ndinati, "Ndi ino mayi, mwaimamo."

Anati, "Ayi. Pepala langa likuti zipinda ziwiri. Ine ndikuwerenga zitatu."

Ndinati, "Chachitatucho ndi khitchini, ndamanga ndekha. Taonani mmene khoma lawongokera."

Anayendetsa dzanja pakhomapo, n'kunena kuti, "Lawongoka ndithu, kwathu kulibe lotere. Koma ine sananditume kudzayamikira makoma. Munamanga pa nyumba ya a Dalaivala, popanda chilolezo, ndipo sindingadinde kuti nyumba ndi pulani zikugwirizana pamene maso anga akuona zina."

Ndinawathirira tiyi. Sanali munthu wankhanza, tiyi anamwa. Anandiuza njira ziwiri. Yoyamba, ndilipire chindapusa, ajambule pulani yatsopano, ipite ku komiti imene imakumana ikafuna, ndipo zimenezi zikhoza kudya chaka. Yachiwiri, nyumba ibwerere monga ilili pa pulani, iwo abwerenso, adinde. Dzina likasintha ndikhoza kupempha chilolezo ngati mwini, ndipo akuti chimenecho sichivuta. Ndinawafunsa kuti, "Ndiye ndigwetse kuti mundilole kumanga?" Anati, "Mwamva bwino."

Chaka ndilibe. Mwandiuza kuti achimwene akufuna chipinda chanu pofika kumapeto kwa Ogasiti chifukwa mwana wawo akukwatira, ndipo akuti poti tili ndi nyumba palibe vuto. Pakamwa panga ndi pamene panayambitsa zimenezo, ndikudziwa, musavutike kundikumbutsa. Chinanso n'chakuti a Dalaivala agonekedwa kuchipatala. Ndinakawaona, akulankhula bwinobwino, anafunsa za mandimu. Koma mwana wawo anandiperekeza mpaka pageti n'kundiuza kuti pali munthu womanga nyumba za lendi amene akufuna malowa pa mtengo wabwino, ndipo iye akhoza kundibwezera ndalama zanga. Anati, "Bambo akadzatisiya dzina lisanasinthe, mudzakambirana ndi ine." Ananena akumwetulira.

Madzulo ano ndakhala m'khitchini muno, ndikungoyang'ana shelefu. Ndikuganiza.

Musawauze kanthu achimwene. Ndalama ya mwezi uno ndatumiza monga mwa nthawi zonse.

Mwamuna wanu


8 Juni

Amake ana,

Moni. Musadabwe ndi kalembedwe kokhala ngati papalasa nkhuku. Akulemba ndi Wamtali, ine ndikungonena, chifukwa dzanja lamanja latupa pang'ono. Si kanthu. Kupatula pamenepo ndili bwino, ndipo ndikhulupirira inunso muli bwino ndi ana.

Khitchini ndagwetsa.

Ndikuuzeni, amake ana, kuti chiyambire ntchito ya zomangamanga sindinatukwanepo ntchito yanga, koma ulendo uno ndinaitukwana ndi mawu amene Wamtali wakana kulemba. Ndinafuna kuchotsa njerwa imodziimodzi kuti zisasweke, tidzazigwiritsenso ntchito. Koma simenti ija ndinasakaniza mwachikondi ija inakana. Ndikamenya tchizulo, hamala inkabwerera kwa ine. Aneba anatulutsa mipando kudzaonera, ndipo mmodzi anafuula kuti, "Amisiri, mukanamanga ngati mmene mumamangira za ife, bwenzi mutangoikankha ndi phewa!" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Tsopano malata ali m'nyumba, felemu ya windo ndi shelefu zili pansi pa bedi, njerwa ndazipala n'kuziunjika pansi pa mtengo wa mandimu. Khomo limene ndinaboola Wamtali walitseka n'kupaka pulasitala. Nyumba yabwerera ku zipinda ziwiri, monga ikufunira khonsolo. Chimene ndasiya ndi simenti ya pansi. Ndinaimika hamala pamwamba pake, pamene pali dzina lanu paja, manja n'kukana. Mayi woyeza akadzati ichoke, ndidzachotsa pamaso pawo, koma ndekha ayi.

Ndakalembetsa kale ku khonsolo kuti abwerenso. Bambo wa pawindo wayamba kundizindikira. Anati, "A zipinda zitatu aja mwabwera?" Ndinati, "Ayi bwana, a zipinda ziwiri."

Mwezi uno sinditumiza kanthu, zinthu zapanikiza pang'ono. Mugulitse njinga yanga ija ili kwa achimwene, koma musagulitse kwa iwo, adzakuuzani kuti matayala atha. Mupite nayo kwa wokonza njinga wa pamsika, iye amaidziwa. Mashini anu osokera musawakhudze zivute zitani. Muuze chisamba kuti masamu ake ndaona, ndakondwa, koma asiye kulemba m'mphepete mwa makalata anu zopempha foni.

Mwamuna wanu

Alamu, ndine Wamtali, mwini wake wapita kumpopi. Chitsulo cha pamwamba pa khomo chinamugwera, zala ziwiri zili mu pulasitala wa kuchipatala, osati wathu uja. Adokotala akuti zichira. Kuntchito folomani waika munthu wina pamalo pake. Musamufunse, adzakuuzani yekha. Tsiku limene anagwetsa khoma loyamba sanadye. Ine ndikumuyang'anira, musadandaule kwambiri.


20 Julayi

Amake ana,

Ndikulemba ndekha, ngakhale cholembera chikuterereka. Ndili bwino. Kalata yanu yaukali ndalandira, ndipo ndaona kuti Wamtali ndi wamtali mpaka lilime. Zala zikupindika tsopano, musalirenso. Ndalama ya njinga imene munabweza theka kuno inandichititsa manyazi, komabe ndadya, zikomo. Za ntchito tidzakamba mukadzabwera. Pakadali pano ndikukonza masitepe a m'sitolo ina ndi dzanja limodzi ndi theka.

Tsopano imvani. Mayi woyeza anabwera sabata yatha. Ulendo uno sindinaphike tiyi, ndinangoima pambali ngati mwana wa sukulu. Anatambasula tepi, kuyeza kutsogolo, kuyeza m'mbali, kulowa, kuwerenga zipinda mokweza, "Chimodzi, ziwiri." Atafika kuseri anaima pa simenti ija. Hamala ndinali nditaibisa kuseri kwa chimbudzi. Anawerama n'kuwerenga dzina lanu.

Anafunsa kuti, "Ameneyu ndani?"

Ndinati, "Mwini khitchini, mayi."

Anati, "Khitchini iti? Ine ndikuona pabwalo posalala poyanikapo mbale. Chopanda makoma ndi denga si chipinda." Anatulutsa chidindo m'chikwama, kuchipumira mpweya, n'kudinda pepala ataligoneka pa mulu wa njerwa zanga. Phokoso limenelo, amake ana, sindidzaliiwala. Pochoka anathyola mandimu awiri n'kunena kuti ndisamangenso ngakhale khola la nkhuku mpaka chikalata chituluke. Ndinalumbira.

Kwatsala kusaina. Bambo wa pawindo watipatsa Lachisanu loyamba la Ogasiti, ndipo akuti a Dalaivala afike okha ndi chitupa chawo, osati kutuma munthu. Apa ndiye pali kamwala mu nsapato. Anatuluka m'chipatala, ali kwa mwana wawo, koma ndikapita kumeneko geti silitsegulidwa. Tsiku lina akuti agona, tsiku lina akuti apita kukayezedwa. Mwanayo anabwera kuno Lamlungu ndi envulopu yonenepa, n'kuiika pa windo. Anati muli zanga zonse ndi kena pamwamba, ka dzanja langa. Sindikunamizani, ndinaiyang'ana. Munthu amene akugwira maganyu amayang'ana envulopu. Kenako ndinamuuza kuti achotse, windo limenelo ndi la mkazi wanga ndipo sakonda zinthu zoikidwa pamenepo.

Ndalemba tsiku ndi nthawi pa kapepala n'kupatsa mayi wina amene amachapa zovala kunyumba kumeneko. Sindikudziwa ngati kafika. Ndikadziwa ndikuuzani.

Mwati alamu ayamba kuyeza makatani m'chipinda chanu inu muli momwemo. Asiyeni ayeze. Muyambe kulongedza pang'onopang'ono, ziwiya zolemera mugulitse, koma mapoto anu abwino aja musasiye ngakhale imodzi. Mupemphere za Lachisanu limenelo.

Wanu nthawi zonse


4 Ogasiti

Amake ana! Amake ana!

Moni, tili bwino, muli bwanji, zonsezo tidzafunsana bwino. Khalani pansi.

Lachisanu ndinafika ku khonsolo zitseko asanatsegule, nditavala shati yoyera ija ya pa ukwati wa mchemwali wanu. Wamtali anajomba kuntchito kuti akhale mboni. Tinatenga nambala n'kuima panja, maso kumsewu. Dzuwa linakwera, a Dalaivala osaoneka. Wamtali anayamba kundiuza kuti nyumba zilipo zambiri, ndinamuuza kuti atseke pakamwa.

Kenako tinaona basi yaikulu ya mumzinda ikukhota kulowa mumsewu wa khonsolo, mmene simudutsa basi. Anthu m'katimo akukuwa kuti njira si imeneyi. Basi inaima pakhomo penipeni, chitseko n'kutseguka, ndipo kondakitala anatsitsa a Dalaivala atawagwira m'khwapa. Anali atavala jekete ndi chipewa chawo cha ntchito, chitupa chili m'thumba la pamtima. Kapepala kaja kanafika. Anauza mwana wawo kuti akukhala pageti kuwothera dzuwa, n'kuimitsa basi yoyamba kudutsa. Woyendetsa anali munthu amene iwo anamuphunzitsa ntchito. A Dalaivala anandiuza kuti, "Ndinagulitsa nyumba kamodzi, kwa munthu mmodzi. Moyo wanga wonse sindinatsitsepo munthu asanafike pamene analipirira."

Titalowa tinapeza chikepe chokwezera anthu m'mwamba chafa. Ofesi ili pamwamba paja, ndipo a Dalaivala masitepe atatu okha anali atatha mpweya. Ndinavula shati yoyera, kumupatsa Wamtali, n'kugwada. Ndinati, "Bambo, kwerani." Anakana kaye, kenako anakwera. Amake ana, ndasenza matumba a simenti pa masitepe oposa amenewa, ndipo nkhalamba ija siifika thumba limodzi. Chimene chinandimvetsa chisoni ndi kupepuka kwawoko. Koma iwo anali pa ntchito. Anandigwira makutu ngati chiwongolero, akufuula kuti, "Kumanzere! Chepetsa liwiro, pali kona! Iwe wa mafayilo, patuka, basi ilibe mabuleki!" Anthu a m'maofesi anatuluka kudzaonera, ena akuwomba m'manja. Ine thukuta kamukamu, zala zikubaya, koma ndikuseka ngati wamisala.

Bambo wa pawindo anakweza magalasi ake kwa nthawi yoyamba. Anatulutsa mpando wake womwe kuti a Dalaivala akhalepo. Anawafunsa ngati akugulitsa mwa kufuna kwawo, iwo anati, "Mukuganiza kuti ndakwera munthu kudzacheza?" Anasaina pang'onopang'ono, koma dzina lonse linatuluka. Ine ndinasaina, Wamtali anasaina, chidindo chinagwa. Mwana wawo anafika tikutsika, kiyi wa galimoto ali m'manja, akupuma mwamphamvu. Ndinkayembekeza phokoso. Anayang'ana bambo ake ali kumsana kwanga, chipewa chitapendekeka, n'kubwera kudzandithandiza. Tinawatsitsira limodzi mpaka m'galimoto, iye atagwira miyendo.

Akuti chikalata chituluka masabata akubwerawa. Pomwepo ndinapereka fomu yopempha chilolezo cha khitchini. Bambo uja anati, "Mwaphunzira." Ndinati, "Sukulu yake inali yodula, bwana."

Madzulo tinagula buledi ndi zakumwa, ine ndi Wamtali, n'kudyera pa simenti yanu ija. Ndinalira, ndipo ndikukuuzani ndekha Wamtali asanalembe.

Mwamuna wanu wokondwa


22 Ogasiti

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndi ana, ndiponso kuti ino ndi kalata yomaliza kukufunsani zimenezi pa pepala. Ine ndili bwino. Ndaipereka kwa kondakitala wa basi ya Lachitatu pamodzi ndi ndalama ya ulendo, kuti isachedwe ku positi.

Chikalata chatuluka. Ndi pepala limodzi lokha, lolimba, la chidindo chofiira pakona. Ndinkaganiza kuti chikhala chachikulu kuposa pamenepa, poona zimene chatidyera. Koma pamzere wa eni nyumba pali mayina awiri, ndipo lanu analilemba bwino, osaphonya chilembo. Ndaliwerenga kambirimbiri ngati kuti lisintha. Ndachikulunga mu pulasitiki n'kuchiika m'sutikesi, ndipo fotokope yake ndaika muno kuti muwaonetse achimwene. Muwathokoze bwinobwino chifukwa anatisunga, zimenezo n'zoona ngakhale zinali zowawa. Alamu muwasiyire tsache ndi makiyi a chipinda, makatani apachike momasuka.

Ndinapita kukawaonetsa a Dalaivala. Ulendo uno geti linatsegulidwa. Ali pabedi, mawu achepa, koma anagwira pepalalo nthawi yaitali. Ndinawatengera mandimu a mumtengo wawo, anawanunkhiza n'kunena kuti si awonso. Akufuna kukuonani, ndiye mukafika tisachedwe kupitako.

Folomani wanditumizira uthenga kuti pali nyumba ina iyamba mwezi wamawa. Zala ziwiri zija sizigwira monga kale, koma mpeni womangira zikuugwira.

Mukwere basi ya Loweruka m'mawa. Mapasipoti ndi mtchatho zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi. Mzime asakhale pawindo, amasanza. Ine mudzandipeza pa depoti ndi Wamtali, simungamuphonye.

Chilolezo cha khitchini nacho chatuluka, dzana. Ndiye ndikuuzeni mmene zinthu zilili kuseri kuno. Njerwa zili pa mulu pansi pa mandimu. Mchenga ndagula, simenti ili m'nyumba, malata ndi felemu ya windo zili pomwe ndinaziika. Khonsolo yandilola, nthawi ndili nayo, nyengo ndi yabwino. M'mawa uliwonse ndimatuluka n'kuima pamenepo, manja akuyabwa mpaka m'zigongono. Dzulo ndinapezeka ndanyamula njerwa osadziwa, ndinaibweza pamalo pake. Wamtali akuti ndikudwala.

Sindiika njerwa ngakhale imodzi. Mudzatsike basi, mudzamwe madzi, mudzaime pa simenti paja pali dzina lanu, mudzayang'ane mbali zonse bwinobwino. Kenako mudzandilozere pamene mukufuna windo.

Ndine mwamuna wanu,
mmodzi wa eni nyumba